Muvi wa pa Mlongoti wa Kakowa

Amene amakamba za ngalawa yotchedwa Kakowa amasiyana pa zambiri, wina akuti zinatere, wina akuti ayi sizinatero. Koma onse amayambira pamodzi: chaka chimenecho kunatentha, ndipo mphepo inasowa.

Unali mwezi wa Okutobala. Nyanja inangoti phee ngati mafuta a m'mbale. Asodzi a pa dokopo ankaswera pansi pa mitengo ya mango, kusoka maukonde osang'ambika, poti usipa unali utathawira pansi pozizira. Agalu analeka kuuwa alendo. Ukapereka moni, mnzako ankangokweza dzanja, mawu kuwaumira.

Kakowa inali ngalawa ya matanga, ya mlongoti umodzi wautali kuposa mgwalangwa. Mwini wake anali dokotala wachizungu amene anakalambira pa nyanjapo, ndipo pobwerera kwawo anaisiyira chipatala chaching'ono cha pa dokolo. Inakhala zaka zambiri ili pa nangula, pataliko ndi gombe, utoto ukusupuka, mbalame zikuiyesa chimbudzi chawo.

Amene anaikumbukira anali Mayi Msosa, namwino wamkulu wa pa chipatalapo. Boti lawo la injini linali litagona pa mchenga chifukwa chosowa mafuta, ndipo amayi oyembekezera a kutsidya ankabwera pa mabwato opalasa, ena kuchirira m'njira, wina kufika atauma kale. Mayi Msosa anati mphepo sigulidwa, Kakowa ikonzedwe. Akalipentala anamata matabwa, telala anasoka matanga. Chinatsala chinthu chimodzi, cha pamwamba penipeni pa mlongoti: kamuvi kosonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndi timakapu titatu tozungulira toyeza mphamvu yake. Waya wa zimenezi umadutsa m'kati mwa mlongoti mpaka pa wotchi yosonyeza mphamvu ya mphepoyo, ya pafupi ndi chiwongolero. Zonsezo zinali zitafa, ndipo bambo amene chipatala chinamupeza kuti aziyendetsa ngalawayo ananeneratu kuti sangakweze odwala chidacho chisanadzuke, poti mwera wa pa nyanja iyi sugogoda pakhomo.

Ndiye anapita kwa Che Mtalika.

Che Mtalika anali munthu wa imvi, wamfupi, wosachedwa kufuna pokhala. Moyo wake wonse anathera pa mawaya a m'maboti, ndipo pa unyamata wake anaphunzirako kuyendetsa za matanga. Tsopano mawondo ankamulirira podzuka. Ana ake aamuna onse anali ku Joni, ankaimba foni pa Idi pokha.

"Mayi, ine zokwera pamwamba ndinasiya," anatero atamva nkhaniyo.

"Ndikudziwa, Che Mtalika," anayankha Mayi Msosa, maso ali psuu ndi tulo. "Nditchulireni wina, ndipita komweko."

Che Mtalika anaganiza, anaganiza, dzina silinabwere.

Mkazi wake, Abiti Saidi, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaika lichero pansi. "Ngati mukukwera, chingwe ndigwira ndine," anatero. "Sindingakusiyeni m'manja mwa munthu woti foni ikalira athamangira foniyo."

M'mawa mwake anapalasa bwato lobwereka mpaka pa Kakowa. Anamanga chinsalu chakale pamwamba pa chiwongolero kuti Abiti akhale pa mthunzi. Che Mtalika anakhala pa kampando ka thabwa komangirira ku chingwe, chikwama cha zida m'chiuno, nati Bisimilahi. Abiti anayamba kupukusa winchi, chitsulo chija chokulungira chingwe. Anali mayi wa mikono, wozolowera mjigo ndi mtondo, komabe ankapuma kawirikawiri, ndipo mwamuna wake ankakwera pang'ono, kulendewera, kukweranso pang'ono.

Pamwamba anapeza zomwe ankayembekezera. Mavu anali atamanga dothi m'timakapu. Dzimbiri linali litagwira kachitsulo kozungulirako. Waya unali utapsa ndi dzuwa mpaka kusweka ngati chikopa cha ng'ona. Anakolopola dothi, anapala dzimbiri, anathira girisi, anadula waya wowola n'kulumikiza watsopano. Inali ntchito ya kudekha, miyendo itakumbatira mlongoti, thukuta likulowa m'maso.

Chimene sanayembekezere chinali ulusi. Kamuvi kaja kanali komangidwa ndi ulusi wa ukonde, wakale, wakuda, wozengedwa kambirimbiri mpaka kupanga chibuluma. Womanga sanamange ngati munthu wosamala katundu. Anamanga ngati munthu amene akufuna kuti chinthu chileke.

Che Mtalika anatulutsa mpeni nadula.

Kamuvi kanatembenuka. Sikanagwedezeke uku ndi uku monga kamachitira pofunafuna mphepo, ayi. Kanangozungulira kamodzi, pang'onopang'ono, n'kuima kataloza kumtunda, kuseri kwa doko, kumene kuli nkhalango yowirira yomwe anthu sadulamo nkhuni. Kenako timakapu tinayamba kuyenda.

"Bambo a Asiyatu!" anafuula Abiti ali pansi pa chinsalu. "Wotchi yadzuka! Ikuti kuli mphepo!"

Che Mtalika ananyowetsa chala nachikweza. Palibe. Anatola nthenga imene inakanirira pa mlongoti naitaya. Inatsika molunjika ngati mwala waulesi, n'kukagwera pa matabwa pansi pake penipeni.

"Ndi waya ameneyo," anatero atatsika, akusisita mawondo. "Pena pake pakukhudzana. Tibweranso."

"Waya amazungulitsa makapu?" anafunsa Abiti.

Mwamuna wake ankafufuza m'chikwama, poti pulayala yake yodulira waya sinkaoneka.

Masiku otsatirawo anagwira ntchito ya pansi, kutsata waya kuchokera m'tsinde mwa mlongoti mpaka pa wotchi. Sanapeze cholakwika. Koma tinthu tina tinayamba. Botolo la madzi akumwa limene ankabwera nalo lodzaza ankalipeza latsika, chitsekero chili chotseka bwinobwino. M'kachipinda ka m'kati mwa ngalawa munkamveka fungo la zovala zonyowa zomwe zakhalitsa m'beseni, chonsecho matabwa onse anali ouma gwa. Nkhwaira za Abiti, zimene anazivula pafupi ndi chiwongolero, anakazipeza kutsogolo kwa ngalawa zitayalidwa bwino, zoloza kunyanja.

Ndipo panali kugogoda. Chingwe chikamamenya mlongoti pa mphepo chimalira ngo, ngo, ngo, zimenezo aliyense wa pa nyanja amadziwa. Koma zingwe zonse zinali zomangidwa, mphepo kunalibe, ndipo kugogodako kunkabwera pamene iwo asiya kulankhula. Akayamba kuyankhula, kunkaleka, ngati munthu waulemu amene akudikira mpata.

Pamwamba, timakapu tinkangozungulira, osapuma.

Tsiku lina akubwerera kunyumba masana, dzuwa lili paliwombo, anapeza munthu atakhala pa kamlatho ka pa msewu wa fumbi. Anali bambo wochepa thupi, kaphukusi kali pa miyendo. Buluku lake linali lonyowa mpaka m'mawondo.

"Pepani achimwene," anatero munthuyo, mawu ake okoka ngati a anthu a kutsidya. "Ngalawa ija inyamuka liti?"

"Si ya aliyense imene ija," anayankha Che Mtalika osaima. "Ndi ya chipatala."

"Oho." Munthuyo anaweramitsa mutu. "Kungoti tadikira. Tilipo angapo."

Anayenda kamtunda. Kenako Che Mtalika anati, "Bambo amene uja wanyowa kuti, kuuma konseku?"

Abiti anaima. "Bambo wake uti?"

"Wa pa kamlatho."

"Pa kamlatho panali mayi wachikulire, wa dengu. Ndi amene wakufunsani za ngalawa."

Anayang'anizana. Palibe anafuna kucheuka, koma anacheuka onse. Pa msewu panalibe munthu mpaka kumene maso amalekezera. Pa simenti ya kamlatho panali ponyowa pamodzi, ndipo dzuwa linali likupamwa iwo akuona.

Madzulo a tsikulo Abiti anachedwa ku mjigo. Atabwera anatula ndowa, anakhala pa mkeka, nayamba kumasula ndi kumanganso mpango wake.

"Amayi akale akuti nkhalango ija ndi manda a alendo," anatero. "Akuti kalekale, ife tisanasamukire kuno, boti lodzaza anthu a kutsidya linkabwerera kwawo kuchokera ku chigayo. Mwera unawapeza pakati. Dokotala uja anatuluka ndi Kakowa kukawafuna. Anabwera nawo, koma atagona. Kunali kotentha ngati chaka chino, nyanja yoipa sabata yonse, abale awo sakanatha kuwoloka. Ndiye anawaika konkuno."

"Nkhani za pa mjigo," anatero Che Mtalika.

"Eya, za pa mjigo. Nanga ulusi uja anamanga ndani?"

"Mawa ndikachotsa chida chonsecho. Ndidzachiyesera pano pakhonde, ndione ngati chizungulire pamaso pa nkhuku zangazi."

Mawa lakelo linali Lachisanu. Anachedwa kunyamuka chifukwa mwini bwato anali atapita nalo kokaonjola maukonde, ndipo pamene ankafika pa Kakowa dzuwa linali litakwera kale. Pa gombe panalibe munthu. Amuna anali akulowera ku mzikiti, ndipo Che Mtalika anadziuza kuti atsika msanga akawapeze.

Ulendo uno kukwera kunatalika. Chitsulo cha mlongoti chinkaotcha ntchafu. Atafika pamwamba, chinthu choyamba kuona chinali pulayala yake, ikulendewera pansi pa kamuvi, yomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Ulusiwo unali wonyowa.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaisiya pomwepo, natulutsa sipanala kuti amasule chida chonse. Timakapu tinkadutsa pafupi ndi tsaya lake, fyu, fyu, fyu, koma pa tsayapo sipankafika kamphepo ngakhale kochepa. Nati yoyamba inakana. Anakanikiza ndi mphamvu zake zonse, ndipo m'maso mwake munayamba kuthwanima tinyenyezi.

Anatsamira mlongoti kuti apume, nayang'ana pansi. Nyanja yonse inali yosalala ngati galasi, kupatula mzere umodzi. Unali wopapatiza ngati kanjira ka kumunda, wa timafunde ting'onoting'ono, wochokera pa gombe moyang'anizana ndi nkhalango ija, kudzafika pa ngalawa. Sunathere pomwepo. Unapitirira kutsogolo, kuloza kum'mawa, mpaka kukasowa m'nthunzi ya kutsidya.

Sipanala inapulumuka m'manja mwake. Anaimva ikugwera m'madzi patali kwambiri, ngati m'dziko lina. Mutu unalemera, manja anachita dzanzi, ndipo anazindikira kuti miyendo yake yasiya mlongoti, thupi likupendekera chagada pa kampando kaja. Anafuna kuitana Abiti, koma lilime linali ngati chikopa.

Chingwe chinayamba kutsika.

Abiti akamamutsitsa ankachita modukizadukiza, kampando n'kumagunda mlongoti. Uku kunali kutsika kwina. Kunali kosalala, kosathamanga, ngati mmene anthu ambiri amatsitsira chinthu cholemera atagwirizana. Pamene ankapendekera kwambiri, chingwe chinkaima mpaka iye atagwiranso, kenako n'kupitiriza. Mapazi ake anakhudza matabwa mofewa ngati akumuika pa mphasa.

Anakhala pomwepo mpaka maso anayera. Kenako anakwawa kulowa pansi pa chinsalu.

Pa winchi panalibe munthu. Chingwe chotsala chinali chokulungidwa bwino pambali, ndipo chinkadontha madzi. Abiti anali atakhala kumbuyo kwenikweni kwa ngalawa, manja ali pa miyendo, misozi ikutsika yokha osaipukuta.

"Mayi a Asiyatu."

"Anandipempha kuti ndisunthe," anatero Abiti ndi mawu aang'ono.

"Ndani?"

"Anati ndatopa, ndipumeko." Anayang'ana zikhatho zake. "Ndipo ndinatopadi, bambo. Mikono inali itatha. Ndikanakugwetsani."

Anapalasa kubwerera ku gombe, wina osayang'ana mnzake, ndipo kumbuyo kwawo kugogoda kuja kunayambiranso.

Nkhani siigona pa doko. Pofika Lolemba, woyendetsa uja anali atatsanzika, akuti kwawo kwagwa zovuta. Amayi a ku sikelo ankanong'onezana kuti bola kufera m'bwato kusiyana ndi kukwera Kakowa. Che Mtalika ndi mkazi wake anapeza Mayi Msosa atakhala pa benchi kuseri kwa chipatala, nsapato atavula, mapazi otupa ali pa simenti. Namwinoyo anamvetsera zonse osadula mawu, osaseka.

"Ine sindikudziwa za zimenezi," anatero pomaliza. "Ndinaphunzira za magazi ndi za malungo. Chimene ndikudziwa n'choti kutsidya kuli amayi amene masiku awo akwana, ndipo ine ndilibe chowatengera." Anatseka maso. "Ndiuzeni chochita. Ndatopa ndi kuganiza ndekha."

"Tikamangenso ulusi uja," anatero Che Mtalika.

"Mukwerenso?" anafunsa Abiti. "Ndiye mukamanga, iwo apita kuti? Abwerera pa kamlatho?" Anatembenukira kwa namwino. "Mayi, anthu akufuna kwawo. Sanatipweteke. Akanafuna, bambowa tikanaika Loweruka. Tiloleni tiwaperekeze."

"Popanda mphepo?" anatero Che Mtalika.

"Wotchi yanu ikuti mphepo ilipo. Mwaikonza nokha."

Mayi Msosa anatsegula maso, anayang'ana mwamuna, anayang'ana mkazi. "Ngalawa yoti palibe akufuna kukwera ndi nkhuni chabe," anatero. "Itengeni. Koma mubwerere, chonde. Ndilibe mphamvu zolira anthu ena."

Ananyamuka m'mawa, atatha mapemphero. Kunali bata lomwe lija. Che Mtalika anakweza thanga, ndipo linangolendewera ngati chovala cha pa chingwe. Anazula nangula, anakhala pa chiwongolero, nadziona wopusa. Asodzi angapo anali m'mabwato awo chapafupi, akuonerera.

Abiti anaimirira pakati pa ngalawa, anakonza chitenje, nayang'ana kumtunda. "Amene mukupita, tiyeni," anatero, mwa mawu wamba ngati kondakitala wotopa.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako ngalawa inapendekera kumanzere pang'ono, n'kubwerera, monga imachitira munthu akakwera kuchokera m'bwato. Inapendekeranso. Inapendekeranso. Che Mtalika anasuzumira m'mbali. Mzere wofiira umene akalipentala anapenta pamwamba pa madzi unali ukumira, mpaka unasowa.

Abiti anabwera kudzakhala pafupi ndi mwamuna wake, atapinda miyendo, zigongono atazipanikiza m'nthiti, ngati munthu wa m'minibasi yodzaza.

Thanga linafufuma. Silinalire phwa monga limachitira mphepo ikaligwira. Linangodzaza mwakachetechete, ndipo madzi anayamba kuyankhula pansi pa ngalawa. Mpango wa Abiti sunagwedezeke. Utsi wa fodya wa msodzi amene anamudutsa unkakwera molunjika kumwamba. Msodziyo anasiya nkhafi, anavula chipewa, nachigwira pa chifuwa mpaka iwo atapitirira.

Anayenda m'mawa wonse. Doko linachepa, linasanduka kamzere, linasowa. Poyamba Che Mtalika analozetsa ngalawa ku mudzi waukulu wa kutsidya umene ankaudziwa, koma chiwongolero chinkamukankha dzanja mofatsa, kulozera kumpoto pang'ono. Analimbana nacho kawiri, kenako anangogonekapo dzanja n'kuchisiya chichite.

Palibe chimene anaona. Koma pa ngalawapo panali chete wa anthu ambiri, amene ndi wosiyana ndi chete wa malo opanda munthu. Nthawi ina thabwa linalira ngati wina wasintha kakhalidwe. Nthawi ina, kutsogolo, wina anatsokomola. Abiti anatsegula botolo, anathira madzi m'kapu, naiika pa matabwa osayang'anako. Patapita nthawi anaitenga n'kuthiramonso.

"Mukuopa?" ananong'ona Che Mtalika.

"Ndinaopa Lachisanu," anatero Abiti. "Lero ndangotopa."

Dzuwa litapendeka anafika pa kagombe kakang'ono pakati pa miyala. Panali mlambe umodzi, nyumba zochepa za udzu kumtunda, ndi mabwinja ambiri kuposa nyumbazo. Thanga linagwa lokha. Timakapu pamwamba tinazungulira mwaulesi, tinazungulira, tinaima. Che Mtalika anaponya nangula pa madzi ofika m'chiuno.

Pa mchenga panali bambo mmodzi wa imvi ngati iye, akumwetsa mbuzi. Anaimirira, dzanja pa chipumi.

"Mwachokera ku doko?" anafunsa.

"Ku doko," anayankha Che Mtalika.

Ngalawa inapendekera kumanja n'kubwerera. Pa madzi, pambali pake, panaoneka bwalo la timafunde likukula. Kenako lina. Kenako lina. Mzere wofiira uja unayamba kutuluka. Pa mchenga mbuzi zinasiya kumwa, zinapatukira uku ndi uku, kusiya mpata pakati ngati zikupisa anthu odutsa.

Bambo uja anayang'ana mbuzi zake, anayang'ana ngalawa, anawerenga dzina lolembedwa pa mphuno yake milomo ikugwedera. Ndodo inagwa m'manja mwake. Anagwada pa mchenga wotentha nayamba kuomba m'manja mwaulemu, pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

"Takulandirani," ankatero. "Fikani. Takulandirani. Mwayenda. Fikani ndithu."

Anaomba mpaka timafunde tinatha. Kenako anadzutsa mutu, nayang'ana kumtunda kumene mbuzi zinkayang'ana, n'kubwezanso maso ku ngalawa. Nkhope yake inali ngati ya mwana amene galimoto yatsitsa anthu onse koma amene iye amamudikira sanatsike.

"Atha?" anafunsa.

Che Mtalika anati avomere, koma Abiti anamugwira mkono. Ngalawa inali isanakhazikike. Inali yopendekerabe pang'ono kutsogolo, mbali ya kumanja, pamene munthu angaime akuyang'ana madzi.

"Ine ndinali wamng'ono," anatero bambo uja. "Amayi anandisiya ndi mbuzi. Anati abwera madzulo ndi ufa. Anapita ndi mlongo wanga kumbuyo. Anali asanayambe n'kukwawa komwe."

Madzi ankanyambita miyala. Ngalawa inapendekera pang'ono, ngati phazi layesa kutsika, kenako inabwerera.

Abiti anapumira m'mwamba. Anamanga chitenje chake molimba, anakhala m'mphepete, natsetserekera m'madzi. Anayenda mogwira ngalawa mpaka kutsogolo, madzi ali m'chiuno, naima pansi pa malo opendekerawo. Anakweza manja onse awiri.

"Musaope, mayi," anatero. "Apa m'posaya, onani ine ndaima. Ndipatseni mwanayo, inu mutsike bwino."

Che Mtalika anaona manja a mkazi wake ali m'mwamba, opanda kanthu. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka mikono inayamba kunjenjemera. Kenako anaona manjawo akutsika pang'ono, mmene manja amatsikira akalandira cholemera. Abiti anawabweretsa pa chifuwa, dzanja limodzi pansi, lina kuchirikiza pamwamba. Ngalawa inagwedezeka komaliza n'kukhala mowongoka, ndipo pambali pa Abiti panaoneka bwalo la timafunde.

Anayenda kupita kumtunda pang'onopang'ono, akuyang'ana pambali pake ngati akudikira mnzake wa miyendo yofooka. Atafika pa mchenga wouma anatembenuka, anawerama pang'ono, natambasula manja. Kenako manjawo anagwa m'mbali mwake.

Bambo uja sanaombenso m'manja. Anangogona chafufumimba pa mchengapo, nalira kulira kwa munthu wamkulu, kopanda mawu ambiri. Mbuzi zinabwerera kukamwa madzi.

Che Mtalika ndi Abiti anagona kwa bamboyo, ndipo m'mawa mwake kunawomba vuma weniweni, wogwedeza mipango ndi kuulutsa zipewa. Kamuvi kanaloza kum'mawa monga kayenera, wotchi inanena zoona, ndipo Kakowa inabwerera ku doko itakwera pamwamba pa madzi ngati chikho. Anthu anatenga nthawi kuti aikhulupirire. Woyamba kukwera anali mayi amene analibe nthawi yosankha, ndipo atachira bwino ku chipatala, ena anatsatira. Mayi Msosa anapeza woyendetsa wina. Che Mtalika sanakwerenso mlongoti wa munthu aliyense.

Za ulendowo awiriwa sankakambirana. Anthu akafunsa, Che Mtalika ankati anapita kukayesa matanga, Abiti n'kumangopitiriza zimene akuchita. Koma tsiku lina mvula itayamba, ali pakhonde kudikira kuti ikate, Abiti anasiya kusenda chinangwa, mpeni uli m'manja, nayang'ana madzi akutsika pa denga.

"Bambo a Asiyatu."

"Ee."

"Ine ndinkayesa kuti mwana uja akhala wozizira. Anali wofunda. Wofunda ngati wangodzuka kumene. Ndipo pomubweza, anali atandigwira bulauzi."